Bondo likatha, ngongole ndi ya ndani?

Tili ndi mawu awiri amene timatsekera nkhani ya ululu wa munthu wamkulu: "Ndi ukalamba." Agogo akati maondo akuphwanya, timati ndi ukalamba. Bambo akayamba kutsimphina, osadzuka pampando mpaka atagwira khoma, timati ndi nyamakazi, imabwera ndi zaka. Tikatero nkhani yatha, aliyense abwerere pa foni yake. Mawuwa amatikomera ife owanena chifukwa sasiya munthu aliyense ndi mlandu. Zaka sungakazisumire kwa amfumu.

Ine ndikufuna tiitsegulenso nkhaniyi, ndipo ndiyambira kwathu ku Likhubula, chifukwa kuno n'kovuta kunamizira kuti sukudziwa kumene maondo a anthu amathera.

Kwa amene simunafikeko: mukafika pa Chitakale mumatenga msewu wa ku Phalombe, kenaka mumakhotera kuphiri. Pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula ndi pamene alendo ambiri okwera phiri la Mulanje amayambira ulendo. Ena amadzera njira ya Skyline kapena ya Chapaluka kupita ku Chambe, ena amalowera ku Lichenya, olimba mtima amakafika pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mlendo amakwera ndi botolo la madzi ndi kamera. Chikwama chake, chakudya cha masiku atatu, mapoto ndi zofunda zimakwera pamsana pa munthu wina, mnyamata kapena bambo wa m'midzi yathuyi, amene timangoti mapota. Lamulo la m'phirimu limati pota asanyamule katundu wopitirira makilogalamu 18. Koma njira zomwezo zimatsikanso ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndipo mtolo wa nkhuni palibe amauyika pa sikelo. Kale kunkatsikanso matabwa a mkungudza, pamutu, ambiri osenzawo ali osavala nsapato. Mu 2017 akatswiri atawerenga anapeza kuti mitengo ikuluikulu ya mkungudza yatsala 7 yokha phiri lonseli, ndipo dziko linadandaula, moyenerera. Mitengo tinaiwerenga. Maondo amene anatsitsa matabwawo sanalowe m'kaundula aliyense.

Tiyeni tione kaye chimene chimachitika m'kati mwa bondo. Mukamadya mwendo wa nkhuku, kunsonga kwa fupa kumakhala kachinthu koyera, koterera, kamene ena timakonda kukukuta. Ifenso tili nako m'mfundo zathu. Ntchito yake ndi yoti mafupa awiri akamakumana azitsetsereka osakhulana. Vuto lake n'lakuti mulibe mitsempha ya magazi, ndiye kakaperepeseka sikamereranso ngati khungu. Kakatha, fupa limayamba kukhula fupa linzake, bondo limatupa, limauma m'mawa, limalira ngati chitseko chakale, mwendo umayamba kupindika. Kutsika phiri ndiye koopsa kuposa kukwera: munthu akamatsika, bondo limalandira mphamvu yokwana katatu kulemera kwa thupi lake kapena kuposa, nde muwonjezerepo katundu wa pamutu. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni pa dziko lonse anali ndi nyamakazi ya mtundu umenewu, 365 miliyoni mwa iwo m'bondo, ndipo anthu 6 mwa 10 alionse odwalawo anali akazi.

Ndisakunamizeni kuti bondo lililonse lotha lathera pa ntchito. Zaka zilipo ndithu, chibadwa cha kumtundu chilipo, kunenepa kwambiri kumathandizira, ngozi yakale ya njinga kapena ya mpira imadzabwera kudzatenga zake. Palinso nyamakazi zina zosiyana ndi iyi, monga ija imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo zake zomwe, imene imagwira ngakhale atsikana. Komanso kuyenda pakokha sikuwononga bondo, kumalilimbitsa. Chimene madokotala amagwirizana n'chakuti zaka zambiri za kunyamula zolemera, kugwada ndi kunyonyomala pa ntchito zimachulukitsa mpata wodwala nthendayi. Ku Britain anafika poivomereza m'malamulo: kuyambira 2009, munthu amene anagwira ntchito zaka 10 kapena kuposa pansi pa mgodi wa malasha akadwala nyamakazi ya m'bondo atha kulandira chipukuta misozi monga matenda obwera ndi ntchito. Bondo lake ndi lomweli. Kumeneko analitcha mlandu, kuno timalitcha ukalamba.

Funso langa nali: munthu akathera maondo ake pa ntchito imene ena tadyapo, ululu wakewo ndi tsoka lake yekha, kapena ndi ngongole yathu?

Yankho loyamba limene mungandipatse ndikulidziwa. Muti, "Koma aise, munthuyo analipidwa. Palibe anamukakamiza. Walira mvula walira matope." Pali choona pamenepa, ndipo sindikufuna kuwasandutsa mapota kukhala anthu omvetsa chisoni. Ambiri amainyadira ntchito yawo, amalidziwa phirili kuposa mapu alionse, ndipo ndalama ya ulendo umodzi imaposa ganyu wa m'munda wa masiku angapo. Koma taganizirani chimene chinagulitsidwa pa tsiku lokambirana mtengo. Mlendo anagula tsiku la munthu ndi mphamvu zake. Mphamvu zimabwerera: wadya nsima, wagona, mawa wadzuka. Koma pamodzi ndi mphamvuzo panapitanso kachinthu kena kosabwerera, kamene sikanatchulidwe pa mtengo chifukwa onse awiri sankakaona. Zili ngati kubwereketsa njinga pa mtengo wa tsiku, koma wobwerekayo n'kumachotsako sipoko imodzi ulendo uliwonse. Tsiku limene gudumu lidzapindike, obwereka onse adzakhala atapita kwawo, ndipo aliyense adzanena zoona akadzati, "Ine ndinalipira."

Za kusankhazo, tisamanamizane. Munthu amene akusankha pakati pa njala ya ana ake sabata ino ndi ululu wa zaka 20 zikubwerazo, wasankha inde, koma mpanda umene anasankhiramo ndi wopanikiza. Dziko lathu lili ndi lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito, Workers' Compensation Act ya 2000, koma lamulo lotere limafuna pakhale bwana woti n'kumuloza. Bwana wa pota amasintha sabata iliyonse ndipo amakwera ndege. Bwana wa mayi wosenza nkhuni ndi aliyense amene anaphikapo nyemba pa nkhunizo.

Ndiye tisathamangire kuloza azungu. Alendo a m'phirimu masiku ano ambiri ndi ife tomwe, magulu a achinyamata ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ofuna chithunzi cha pa Sapitwa choika pa Instagram. Ndipo ngongole yaikulu kwambiri siili ndi alendo ayi, ili m'nyumba. Malume anga ananyamula katundu m'phirimu zaka zambiri. Ndalama ya yunifolomu, ya mayeso a Fomu 4, ya thiransipoti yopitira ku koleji, mbali ina inachokera pamenepo. Pepala limene ndinalandira pa tsiku la gaduweshoni lili ndi dzina langa lokha, koma ndikaliyang'ana ndimadziwa kuti muli bondo la munthu. Ndikhulupirira ambiri amene mukuwerenga pano muli ndi pepala lotero. Lanu mwina muli msana wa amayi othyola tiyi, kapena chiuno cha abambo opalasa kabaza.

Tsiku lina ndinawafunsa malumewo ngati angalole kukaonana ndi adokotala a mafupa. Anaseka n'kuti, "Mphwanga, bondoli lagwira ntchito yake. Ukufuna lichitenso chiyani?" Mawu amenewa ndimawalemekeza. Ndi mawu a munthu amene wapanga mtendere ndi thupi lake. Koma pali kusiyana kumene ndikufuna tikugwire bwino. Wodwala ali ndi ufulu wonena kuti, "Ndapirira." Ife odyapo tilibe ufulu womuuza kuti, "Pirirani," n'kumayesa talipira. Kupirira ndi ukoma ukamachokera m'kamwa mwa mwini ululu. Kukachokera m'kamwa mwa wangongole, ndi njira yozembera basi. Timawatama akuluakulu athu kuti ndi olimba, sadandaula, a kale anali achitsulo. Chitamo chimenechi n'chotchipa kwambiri kuposa thiransipoti yopita ku chipatala, ndipo ndikukayika ngati timachikonda pa chifukwa china.

Tsono wina afunsa: ngongoleyo, ngati ilipo, ingalipidwe? Bondo lotha lingabwezedwe?

Mbali ina, eya. Mu 1962 dokotala wa ku England, John Charnley, ali pa chipatala cha Wrightington, anakhazikitsa njira imene mpaka lero ndiyo maziko a opaleshoni yosintha mfundo ya m'chiuno: amachotsa mutu wa fupa la ntchafu umene waonongeka, n'kuikapo chitsulo chokhala ndi kampira kumutu, kamene kamazungulira m'kakapu ka pulasitiki yolimba, zonse zomatidwa ndi simenti yapadera. Ya bondo inatsatira: amapala nsonga zoonongeka za mafupa n'kuziveka chitsulo, pakati n'kuikapo pulasitiki. Munthu amene ankalephera kufika pa chitseko amayambanso kuyenda. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti maondo oikirira 8 mwa 10 alionse amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 25. Ku Britain amapanga maopaleshoni a bondo pafupifupi 100,000 pa chaka, ndi ena ochuluka chomwecho a chiuno.

Kuno kwathu nakonso zimachitika. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chinayamba kupanga maopaleshoni amenewa kwa akuluakulu olipira, ndalama zake n'kumathandizira kuchiza ana aulumali mwaulere. Mu 2005 kunakhazikitsidwa kaundula wa dziko lonse wa anthu oikidwa mfundo zoterezi, ndipo lipoti lake loyamba linaonetsa kuti odwala athu a chiuno anali ocheperako zaka poyerekeza ndi a ku Ulaya, ambiri vuto lawo lili kufa kwa mutu wa fupa chifukwa magazi asiya kufikako. Mu 2023 ku Kamuzu Central Hospital kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Luso lilipo, manja alipo. Koma zitsulozo zimachokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kolipira mtengo wake ndi mamiliyoni a makwacha. Amene amafika pa tebulo la opaleshoni kawirikawiri ndi amene ali ndi inshulansi ya kuntchito, kapena ana kunja, kapena ndalama yokwerera ndege ya ku India. Muone mmene zilili: amene ntchito yake inali ya pampando ndiye ali pafupi ndi bondo latsopano, amene bondo linali khasu lake ali kutali nalo.

Apa ndi pamene pali mtsutso wovuta, ndipo sindiuzemba. Dziko losauka liyenera kusankha. Ndalama ya bondo limodzi lachitsulo ingagule mankhwala a malungo a ana ambirimbiri. Madokotala a mafupa ndi ochepa moti ntchito yambiri m'maboma imagwiridwa ndi makiliniko ofesala a za mafupa, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo mawodi awo ndi odzaza kale ndi anthu othyoka pa ngozi za pamsewu. Mnyamata amene fupa latulukira kunja sangadikire. Nyamakazi siipha, ndiye imadikira. Ndikanakhala ine wogawa ndalama za unduna, nanenso ndikanayamba ndi mwana wa malungo. Malume anga nawonso akanatero, ndikuwadziwa.

Koma "sindingathe kulipira lero" ndi "ndilibe nawe ngongole" ndi mawu awiri osiyana. Wangongole wachilungamo akasowa ndalama amapita kwa mwini wake, amavomera, amapereka kangachepe kamene ali nako, amanena tsiku lobweranso. Wangongole wachinyengo amasintha njira yopitira ku msika. Ife tasintha njira. Tatenga kusowa kwa chitsulo n'kukusandutsa chifukwa chosachitira chilichonse, ngati kuti pakati pa opaleshoni ya mamiliyoni ndi kungokhala palibe kanthu. Chonsecho pakatipo ndi pamene pali zambiri.

Ndipo mawu oti nyamakazi siipha tiwaonenso bwino. Siipha thupi msanga, koma imachotsa munthu pakati pa anthu pang'onopang'ono. Amayamba kujomba kumunda wakutali, kenaka kutchalitchi kapena kumzikiti, kenaka kumaliro, ndipo kwathu kuno munthu wosafika pamaliro amayamba kuiwalika. Mayi amene moyo wake wonse wapereka ulemu pogwada amayamba kuoneka ngati wamwano. Chimbudzi chokumba, chimene ife timalowamo osaganiza, kwa iye chimasanduka chiweruzo cha m'mawa uliwonse, ndipo sangauze mwana wake wamwamuna. Kumtunda kwa Likhubula kuli mathithi ndi dziwe lotchuka lotchedwa Dziwe la Nkhalamba. Achinyamata timapitako Loweruka kukasambira ndi kujambulitsa. Nkhalamba zambiri za m'midzi yapansipa sizingafikeko, njira yake ndi yokwera.

Nanga kangachepe kathu n'chiyani? Ndiyamba ndi m'nyumba. Ambirife chithandizo chathu ndi kutumiza ya mankhwala pa Airtel Money kapena pa Mpamba, agogo n'kukagula Brufen kapena Indocid pa golosale, kumamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka. Mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali popanda dokotala amatha kuboola zilonda m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa okalamba. Ndalama yomweyo ikanatha kuwafikitsa ku chipatala cha boma pa Mulanje kapena ku Mulanje Mission kuti awaone, adziwe ngati ilidi nyamakazi ya kutha kwa mfundo kapena ina yofuna mankhwala ena. Mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu amachepetsa ululu, ndipo munthu akaphunzitsidwa amapanga yekha pa mkeka. Ndodo imathandiza, ikagwiridwa ku dzanja la mbali imene sikupweteka. Pa Likhubula pomwepa anyamata amasema ndodo zokongola zogulitsa alendo kuti akapachike pakhoma kwawo, pamene agogo a m'mudzi akuyendera kamtengo kothyola m'njira. Mpando wa chimbudzi wokwera, wa matabwa kapena wa njerwa, ndi chogwirira m'mbali, mmisiri aliyense angapange tsiku limodzi. Mbaula yokwera kuti amayi asamaphike chowerama. Mgolo wa madzi pafupi ndi khomo.

Chenjezo limodzi: kulipira ngongoleyi sikuwakhazika pansi. Ana ena akayamba kulandira malipiro amalamula kuti, "Amayi, basi musamagwirenso ntchito, muzingokhala." Cholinga n'chabwino, koma bondo longokhala limauma, minofu imafota, ululu umakula. Komanso munthu umamulanda chimene chimamupangitsa kudzimva kuti akadali munthu. Achotsereni mtolo, musawachotsere njira. Ndipo muwafunse eni ake chimene akufuna, chifukwa ngongole sulipira ndi chinthu chimene wakonda iwe.

Kwa ife okwera phiri: makilogalamu 18 aja si nkhani yokambirana. Chikwama chikalemera, tengani pota wachiwiri. Musanenerere mtengo ngati mukugula tomato, pamene bando ya intaneti yoikira zithunzizo simunanenerere. Chaka chilichonse kuno kumachitika mpikisano wa Porters Race, makilomita oposa 20 kuchokera pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, ndipo opambana amamaliza maola atatu asanakwane, mtunda umene mlendo amayenda tsiku lonse kapena awiri. Timaombera m'manja, makampani amabwera ndi zikwangwani zawo. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo tikuyembekeza kuti alendo achuluka. Ino ndiyo nthawi yofunsa kuti pa ndalama iliyonse yolowera m'phiri, pa thandizo lililonse la mpikisano, bwanji pasamapatulidwe kagawo kopita ku thumba la chithandizo cha mapota opuma? Si chifundo chimenecho. Ndi kuika pa mtengo chinthu chija chinaiwalika pokambirana.

Kwa boma, pempho langa ndi laling'ono kuposa mmene mungaganizire: pakhale mzere. Ngakhale dziko litakwanitsa maopaleshoni ochepa pa chaka, pakhale njira yodziwika yoti mlimi wa ku Mulanje alembedwe, apimidwe, adikire nthawi yake molingana ndi kukula kwa vuto lake, osati kukula kwa thumba kapena kudziwana ndi winawake. Kudikira pa mzere wautali n'kowawa, koma kumatanthauza kuti dziko lakuwerenga. Anthu ambiri a maondo otha sali kumapeto kwa mzere. Sali pa mzere n'komwe.

Pomaliza ndinene chimene chimandisowetsa tulo. Tonse tili m'magulu a WhatsApp a pachibale. Mukudziwa mmene gulu limadzukira uthenga wa maliro ukafika: pofika madzulo ndalama ya bokosi yapezeka, ya galimoto yapezeka, ya ndiwo yapezeka, wina wa ku Johannesburg watumiza, mndandanda wa opereka ukuyenda ndi mayina. Sindikunyoza, ndi chimodzi mwa zinthu zokongola zimene tili nazo. Chimangoonetsa kuti luso losonkha tili nalo, ndiponso kuti timadziwa kuti tili ndi ngongole kwa munthuyo. Timangodikira kuti aleke kumva kuwawa kuti tiyambe kulipira. Mlandu suola, akuluakulu anatero, koma mwini mlandu amatha.

Ndiye sabata ino, amene muli ndi kholo kapena malume kapena azakhali amene amadzuka mogwira khoma, muwaimbire. Musafunse kuti, "Muli bwanji?" chifukwa yankho mukulidziwa kale, ati ali bwino. Mufunse kuti bondo likuwaletsa kupita kuti, ndipo ndi liti anapitako komaliza. Kenaka mulembe pa gulu lija, iwo akadali moyo.